KUTHAMANGA SIKUFIKA: MBIRI YA JESSE OWENS

Pa 31 March 1980, mu mzinda wa Tucson m'dziko la America, munamwalira munthu wa zaka 66 dzina lace Jesse Owens. Ambiri amene anamva za imfa yace pa wailesi anakumbukira sabata imodzi yokha ya moyo wace, sabata ija ya mu August 1936 pamene anapambana mipikisano inai pa masewera a Olympic ku Berlin. Itatu mwa mipikisanoyo inali ya liwiro, ndipo nthawi yonse imene mapazi ace anathamanga pa ulendo wotsiriza wa uliwonse, ikaphatikizidwa pamodzi, siikwana ngakhale mphindi imodzi. Koma atacoka ku Berlin anakhalanso ndi moyo zaka 43, ndipo m'zaka zimenezo anayenera kudyetsa mkazi ndi ana atatu monga acitira munthu aliyense. Nkhani iyi ifotokoza za sabata ija, ndiponso za zaka zambiri zija zimene anthu sazichula kawirikawiri, pakuti m'menemo ndimo munali mpikisano wobvuta koposa.

Mwana wa m'munda wa thonje

James Cleveland Owens anabadwa pa 12 September 1913 pa mudzi wa Oakville, m'cigawo ca Alabama kumwera kwa America. Anali wotsiriza pa ana khumi. Agogo ace anali akapolo, ndipo atate ace, a Henry Owens, anali kulima thonje m'munda wa munthu wina. Malimidwe amenewo anali otere: mwini nthaka anali kupatsa wolimayo mbeu, zida ndi cakudya pa ngongole, tsono pofika nyengo ya masika anali kutenga gawo lace la zokolola ndi kucotsanso ngongole yonse pa gawo lotsalalo. Mabanja ambiri anali kutsiriza caka ali manja lendee, ndi kuyamba caka cina ndi ngongole yatsopano. Mwanayo anali wodwaladwala cifuwa, komabe anali kutola nawo thonje akali wamng'ono.

Ali ndi zaka 9, banja lonse linasamukira kumpoto, ku mzinda wa Cleveland m'cigawo ca Ohio. Masiku amenewo anthu akuda ambirimbiri anali kusiya minda ya kumwera kukafuna nchito ya malipiro m'mafakitale, monga momwe anthu a kuno anasiyira midzi yao kudza ku migodi. Atate ace ndi akuru ace analowa nchito yosula zitsulo. Pa sukulu yatsopano mphunzitsi anamfunsa dzina, ndipo iye anayankha ndi zilembo ziwiri zimene anali kumuitana nazo kwao, J. C. Cifukwa ca kalankhulidwe kace ka kumwera, mphunzitsiyo anamva ngati wanena kuti Jesse, nalemba comweco m'buku. Dzinalo linamkakamira kufikira imfa.

Amene anayamba kuzindikira mphatso ya mnyamatayo ndi mphunzitsi wa masewera, Mzungu, Bambo Charles Riley. Panali bvuto limodzi: anzace anali kucita masewera akaweruka ku sukulu, koma Jesse pa nthawi imeneyo anali kupita ku maganyu, monga kupereka katundu wa m'sitolo m'makomo, kukweza katundu m'sitima ndi kuthandiza wosoka nsapato. Tsono Bambo Riley anabvomera kumafika m'mamawa, sukulu isanayambe, kuti amphunzitse payekha. Pofika 1933, akali mwana wa sukulu, Jesse anathamanga mayadi 100 pa masekondi 9.4 ku Chicago, kulingana ndi liwiro loposa lonse limene linalembedwapo pa dziko lapansi nthawi imeneyo.

Ku yunivesite

Caka comweco analowa pa Ohio State University, mu mzinda wa Columbus. Ku America masukulu akuruakuru otere amapikisana kolimba pa masewera, ndipo wothamanga wabwino amakwezetsa dzina la sukulu yace. Komabe Owens sanalandire thandizo la ndarama za sukulu. Anali kudzilipirira yekha ndi nchito za apa ndi apo, ndipo imodzi mwa izo inali yoyendetsa cikepe m'nyumba ya boma ya cigawoco. Sanaloledwe kugona m'nyumba za ophunzira pamodzi ndi anzace oyera, koma anali kukhala kunja kwa sukulu ndi anyamata ena akuda. Gulu likapita kukapikisana kwina, nthawi zambiri iye anali kudya ndi kugona ku malo ena apadera. Okalamba a m'matauni a kuno, amene akumbukira masiku aja ogulira nyama pa zenera, adziwa bwino kuwawa kwace kwa mcitidwe wotere.

Akuru anati liwiro la mumcenga n'kuyambira pamodzi. Pa bwalo la masewera Owens anali kuyambira pa mzere umodzi ndi onse, ndipo kumeneko panalibe womposa. Koma m'kalasi sanayambire pamodzi ndi anzace, pakuti maphunziro ace oyamba anali operewera, ndipo nthawi imene ena anali kuwerenga iye anali pa nchito kapena pa bwalo. Panthawi ina analetsedwa kupikisana miyezi ingapo cifukwa ca kulephera mayeso. Ngakhale zinali conco, anzace anamsankha kukhala mtsogoleri wa gulu la othamanga, ndipo anali munthu wakuda woyamba kupatsidwa ulemu wotere pa sukuluyo.

Tsiku limene odziwa masewera amaliyesa lopambana onse m'moyo wace ndilo la 25 May 1935, pa mpikisano wa mayunivesite ku Ann Arbor m'cigawo ca Michigan. Masiku pang'ono m'mbuyomo anali atagwa pa makwerero a nyumba nabvulala msana, kotero kuti mphunzitsi wace, Bambo Larry Snyder, anakayika zomlola kupikisana. Iye anapempha kuti ayese. M'nthawi ya mphindi 45 zokha anacita zinthu zinai. Anathamanga mayadi 100 pa masekondi 9.4, kulingananso ndi liwiro la dziko lonse. Analumpha kamodzi kokha natera pa mamita 8.13. Anathamanga mayadi 220 pa masekondi 20.3, ndipo potsiriza anathamanganso mayadi 220 akulumpha zopinga pa masekondi 22.6. Pa zitatu zotsirizazi panalibe munthu amene anacitapo zotere ndi kale lonse. Okonda mpira angathe kuyerekeza kulumpha kuja motere: pakati pa mitengo iwiri ya goli pali mamita 7.32, tsono iye analumpha kupitirira pamenepo. Panapita zaka 25 wina asanampose, kufikira Ralph Boston anatero mu 1960. Mu July 1935 anakwatira Ruth Solomon, amene anadziwana naye akali ana a sukulu ku Cleveland.

Sabata ya ku Berlin

Masewera a Olympic a 1936 anacitikira ku Berlin pamene Adolf Hitler anali kulamulira dziko la Germany. Hitler ndi cipani cace anali kuphunzitsa kuti mtundu wao uposa mitundu yonse, ndi kuti Ayuda ndi anthu akuda ndi anthu acabe. Anafuna kuti masewerawo akhale umboni wa ciphunzitso cimeneci pamaso pa maiko onse. Zoonadi Ajeremani anapata mamendulo ambiri kuposa dziko lina lirilonse, koma pa liwiro zinthu zinamtembenukira. Gulu la America linali ndi anthu akuda 18, ndipo iwowa anatenga mamendulo 14.

Pa 3 August Owens anapambana mamita 100 pa masekondi 10.3. M'mawa mwace anapambana pa kulumpha ndi mamita 8.06. Pa 5 August anapambana mamita 200 pa masekondi 20.7. Pa 9 August anathamanga woyamba pa liwiro lopatsirana ndodo la anthu anai, ndipo gulu lace linatsiriza pa masekondi 39.8. Mpikisano wacinaiwu uli ndi cilema cace. Poyamba sanaikidwe kuti athamange nawo, koma m'mawa wa tsiku loyamba la mpikisanowo akuru a gulu la America anacotsa anyamata awiri aciyuda, Marty Glickman ndi Sam Stoller, naikapo Owens ndi Ralph Metcalfe.

Khamu la Ajeremani m'bwalo lija silinamuda ai, koma linali kupfuula dzina lace mokondwa. Wopikisana naye kolimba pa kulumpha anali Mjeremani, Luz Long, amene anakhala waciwiri. Owens atapambana, Long anathamangira kukamyamikira, ndipo awiriwo anayenda mogwirana mikono pamaso pa khamu lonse ndi pa atsogoleri a boma. Long anafera ku nkhondo pa cisumbu ca Sicily mu 1943, koma pambuyo pa nkhondoyo Owens anabwereranso ku Germany naonana ndi mwana wace wa Long, ndipo ubwenzi wa mabanja awiriwo unapitirira.

Anthu amakonda kunena kuti Hitler anakana kugwira Owens canza. Cimene cinacitika ndi ici: pa tsiku loyamba Hitler anayamikira opambana ena okha, ndipo akuru a masewera anamuuza kuti ayamikire onse kapena aleke. Iye anasankha kuleka, Owens asanapambane mpikisano uliwonse. Owens mwini wace ananena pambuyo pace kuti amene anamnyoza ndi Pulezidenti wa dziko lace lomwe, Franklin Roosevelt, amene sanamtumizire ngakhale lamya ya kumyamikira, kapena kumuitana ku White House.

Lamulo limene linatseka njira

Kuti munthu amvetse zimene zinatsatira, ayenera kudziwa lamulo la masewera la masiku amenewo. Wothamanga sanaloledwe kulandira ndarama cifukwa ca kuthamanga kwace. Akalandira, anali kucotsedwa m'mipikisano yonse yodziwika. Lamuloli silinali kubvuta mwana wa munthu wacuma, koma kwa mwana wa wolima thonje, wokhala ndi mkazi ndi mwana, linali goli lolemera. Ndarama za pa cipata zinali kupita kwa bungwe loyang'anira masewerawo, lochedwa Amateur Athletic Union, limene mkuru wace anali Avery Brundage.

Masewera a ku Berlin atangotha, bungwelo linatumiza othamanga m'mizinda ina ya ku Ulaya kukaonetsa liwiro lao, kuti lipeze ndarama zolipirira ulendo. Owens anathamanga m'mizinda ingapo kufikira ku London, wotopa ndi wopanda kanthu m'thumba. Atauzidwa kuti apitirire ku Sweden anakana, nakwera sitima ya pamadzi kubwerera kwao, pakuti anali atamva kuti anthu a malonda alikumlonjeza ndarama zambiri. Pomwepo bungwelo linamletsa kupikisananso. Motero munthu waliwiro koposa onse pa dziko lapansi anatsekeredwa kunja kwa bwalo asanakwanitse zaka 23.

Ku New York anamlandira ndi cisangalalo cacikuru m'miseu. Koma popita ku phwando lokonzedwa m'dzina lace ku hotela ya Waldorf-Astoria, anamkweza m'cikepe ca katundu, popeza cikepe ca alendo sicinali ca anthu akuda. Malonjezo aja a ndarama, ambiri anali mau cabe. Makampani akuru a masiku amenewo sanafune kuika nkhope ya munthu wakuda pa malonda ao.

Kupikisana ndi akavalo

Mu December 1936, miyezi inai yokha cicokere ku Berlin, Owens anali ku Havana pa cisumbu ca Cuba, alikupikisana ndi kavalo kuti alandire malipiro. Anacitanso zotere m'malo ambiri m'zaka zotsatira, makamaka pa mabwalo a masewera anthu akudikira kuti mpira uyambe. Munthu sangapose kavalo pa liwiro, tsono panali macenjera ace. Anali kusankha kavalo wa mjaha wosacedwa kudzidzimuka, ndipo woliza mfuti yoyambira anali kuima pafupi ndi khutu la kavaloyo. Mfuti ikalira kavalo anali kunyanyuka, ndipo pamene wokwerapo anali kulimbana naye, Owens anali atafika kale patali.

Ambiri anati nchito yotere ndi yonyozetsa ngwazi ya Olympic. Iye anayankha kuti anali ndi mamendulo anai a golidi, koma mendulo sadya. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'zaka zimenezo anayendanso ndi gulu la oyimba, anagwira nchito yoyang'anira bwalo losewererapo ana, ndiponso yothira petulo m'magalimoto.

Anayesanso malonda. Pamodzi ndi anthu ena anatsegula kampani yocapa zobvala ku Cleveland, ndipo dzina lace ndilo linalembedwa pa zikwangwani kuti likope anthu. Koma dzina lochuka silisunga mabuku a ndarama. Iye anali kuyendayenda, sanali kuyang'anira kayendedwe ka malondawo tsiku ndi tsiku, ndiponso pamene anali ndi ndarama anali wopatsa ndi womwaza. Kampaniyo inagwa, ngongole zinatsalira iye, ndipo mu 1939 anakanena ku bwalo la milandu kuti alibe cobwezera. Anabwerera ku yunivesite kuti akatsirize maphunziro ace, koma sanathe, ndipo anacokako wopanda digiri.

Mphatso yaciwiri

Zinthu zinayamba kusintha m'nthawi ya nkhondo. Mu 1942 analembedwa nchito ndi kampani ya magalimoto ya Ford ku Detroit, mu ofesi yoona za anchito, makamaka anchito akuda amene anali kulembedwa ambiri masiku amenewo. Kumeneko anazolowera nchito ya mu ofesi ndi kukamba ndi anthu a mitundu yonse, mabwana ndi anchito omwe. Nkhondo itatha anacokako, ndipo mu 1949 anakhazikika ku Chicago.

Ku Chicago ndiko anazindikira kuti ali ndi mphatso ina imene siikalamba msanga monga miyendo, ndiyo kulankhula. Mnyamata uja amene mphunzitsi sanathe kumva bwino dzina lace anasanduka mlankhuli wokoma pakamwa. Anali kuulutsa nyimbo pa wailesi, anali kuthandiza mabungwe a anyamata a m'makomboni osauka, ndipo anatsegula kampani yaceyace yothandiza makampani ena kudziwika ndi kukondedwa ndi anthu. Anali kuyenda ulendo wosatha kukalankhula m'masukulu, m'misonkhano ya anthu a malonda ndi m'mipingo, ndipo makampani akuru amene kale sanamfune anayamba kumlipira bwino. Mu 1955 boma la America linamtuma ku India, ku Malaya ndi ku Philippines kukaphunzitsa acinyamata masewera, ndipo mu 1956 anaimira Pulezidenti Eisenhower pa masewera a Olympic ku Melbourne.

Komabe kufooka kwace pa kusunga mabuku sikunamcoke. Kwa zaka zingapo sanapereke ku boma makalata a msonkho monga lamulo lifunira, ndipo mu 1966 bwalo la milandu linamlipiritsa. Woweruza sanamtumize ku ndende, poganizira nchito zabwino zimene anacitira dziko lace, koma manyazi ace anali akuru.

Kuyesedwa kwina kunadza mu 1968 pa masewera a Olympic ku Mexico City. Anyamata awiri akuda a ku America, Tommie Smith ndi John Carlos, polandira mamendulo ao anakweza nkhonya m'mwamba kusonyeza kudandaula kwao ndi tsankho la kwao. Owens sanagwirizane nao, pakuti iye anakhulupirira kuti munthu wakuda adzakwera ndi khama, ulemu ndi ndarama za m'thumba mwace. Acinyamata ambiri anamuyesa wogonjera Azungu, ndipo mau ao anamlasa mtima. Patapita zaka zinai anabvomera poyera, m'buku limene analemba mu 1972, kuti maganizo ace asintha ndi kuti acinyamatawo anali ndi cifukwa comveka. Si ambiri ochuka amene amabvomera kulakwa kwao anthu onse alikumva.

Ulemu wocedwa

Mu 1972 Ohio State University, kumene kale sanaloledwe kugona m'nyumba za ophunzira, inampatsa digiri yaulemu. Mu 1976, zaka 40 cipambanire ku Berlin, Pulezidenti Gerald Ford anamuitana ku White House nambveka mendulo yoposa onse imene boma la America limapatsa munthu wamba. Koma thupi linali litayamba kutha. Kwa zaka 35 anali kusuta paketi ya fodya tsiku lirilonse, ndipo mapapo aja amene anamnyamula ku Ann Arbor ndi ku Berlin anagwidwa ndi nthenda ya khansa. Anaikidwa m'manda ku Chicago, nasiya mkazi wace Ruth, amene anakhala naye zaka zoposa 44, ndi ana akazi atatu.

Atamwalira, ulemu unacurukanso. Mu 1984 mseu wa pafupi ndi bwalo lija la ku Berlin unachedwa dzina lace. Mu 2001 yunivesite yace inatsegula bwalo la masewera la dzina lace. Mu 2013 imodzi mwa mamendulo aja, amene mwini wace anati sadya, inagulitsidwa pa mtengo woposa madola 1,400,000. Lamulo loletsa othamanga kulandira ndarama linacotsedwa pang'onopang'ono iye atamwalira kale, ndipo ngwazi za liwiro za m'mbuyo mwace zinapata cuma cimene iye sanacione.

Munthu amene amadya ndi mphamvu za thupi lace, kaya ndi wothamanga, wosewera mpira kapena woboola mwala pansi pa mgodi, adziwa kuti mphamvuzo ziri ndi nyengo yace. Kwa Owens nyengoyo inadulidwa msanga, osati ndi ukalamba koma ndi lamulo ndi tsankho, ndipo zimenezo sizinali mlandu wace. Kumwaza ndarama ndi kusasamala mabuku ndiko kunali kulakwa kwa iye mwini, ndipo anakulipira kawiri. Cimene cinampulumutsa ndi cakuti sanakhale pansi kudikira kuti anthu amlipire cifukwa ca dzulo. Anagwira nchito iriyonse imene inapezeka, ngakhale yosekedwa, kufikira anaphunzira ina imene anatha kuigwira tsitsi litacita imvi. Akuru anati kuthamanga sikufika. Jesse Owens anathamanga kuposa anthu onse a m'nthawi yace ali ndi zaka 22, koma kufika anafika mocedwa, poyenda pang'onopang'ono monga munthu wina aliyense.